H. G. Wells ndi Nkhondo ya Tiasilikali ta Mtovu

Aliyense amene adakulira m'midzi ya ku Mvera, kapena kwina kulikonse m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, akudziwa zimene anyamata oweta ng'ombe amachita kudambo ziweto zikakhuta. Amatapa dongo m'mphepete mwa mtsinje, naumba ng'ombe za malinunda ndi nyanga zosongoka, naziyanika pamwala. Zikauma, aliyense amandandalika zake moyang'anizana ndi za mnzake, ndipo nkhondo imayambika. Ng'ombe imene yathyoka nyanga ndiyo yagonja, ndipo mwini wake amangobwerera kumtsinje kukaumba ina. Sipakhala maliro, popeza dongo silitha.

Masewera a mtundu umenewu sali ku Malawi kokha, ndiponso si a ana okha. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu achikulire, ena a imvi ndithu, amene amagula tizidole ta asilikali tosaposa chala cha munthu, nakhala pansi kupaka utoto chidole chilichonse pachokha ndi kaburashi kosongoka. Zidolezo zikakwana gulu lankhondo, eni ake amazimenyanitsa patebulo motsata malamulo olembedwa m'buku. Munthu amene ambiri amamutcha tate wa masewera amenewa ndi mlembi wa ku Mangalande, Herbert George Wells. Chozizwitsa n'chakuti Wells adali munthu wodana ndi nkhondo. Iye adakhulupirira kuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono m'chipinda, adzaona yekha uchitsiru wa nkhondo yeniyeni. Mbiri ya moyo wake ikuonetsa kumene chikhulupiriro chimenechi chidachokera, ndiponso zimene zidachigwera.

Mwana wa m'sitolo ya mbale

Wells adabadwa pa 21 September 1866 m'tauni ya Bromley, kufupi ndi mzinda wa London. Bambo ake, a Joseph Wells, adali ndi kasitolo kogulitsa mbale ndi makapu, koma malonda sankayenda, kotero kuti banjalo linkadalira ndalama zimene bambowo ankapeza posewera mpira wa kiriketi. Mayi ake, a Sarah, adali atagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera asanakwatiwe. Herbert ndiye adali mzime m'banjamo.

M'chaka cha 1874 mnyamatayo adathyoka mwendo, nagona pabedi masabata angapo. Pofuna kumusangalatsa, bambo ake ankamubwerekera mabuku ku laibulale ya m'tauniyo, ena onena za nyama, ena za maiko akutali, ena za nkhondo zamakedzana. Atakula, Wells ankawerengera ngoziyo ngati mwayi waukulu wa moyo wake, pakuti ndi imene idamutsegulira khomo la mabuku. M'buku la mbiri yake, limene lidatuluka m'chaka cha 1934, iye adaulula kuti ali mnyamata ankayendayenda yekha m'minda yozungulira Bromley akulamula magulu ankhondo osaoneka, akuika mizinga pazitunda ndi kugonjetsa adani a m'mutu mwake momwe.

Tsoka lina lidagwa m'chaka cha 1877, pamene bambo ake adagwa pamakwerero nathyoka fupa la m'ntchafu. Mpira udathera pomwepo, ndipo umphawi udalowa m'nyumba. M'chaka cha 1880 mayi ake adabwerera kukagwira ntchito yoyang'anira nyumba yaikulu ya anthu olemera yotchedwa Uppark, ndipo Herbert, ali ndi zaka pafupifupi 14, adasiya sukulu. Poyamba adamutumiza kukaphunzira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Windsor, koma adachotsedwa patangopita miyezi yowerengeka chifukwa ndalama za m'kabati sizinkagwirizana ndi zimene ankalemba m'buku. Adayesa kuthandizira kuphunzitsa pasukulu ina yaing'ono, adayesanso m'sitolo ya mankhwala ku Midhurst, osakhalitsa konseko. Potsiriza, m'chaka cha 1881, adamuika m'sitolo ina ya nsalu ku Southsea, kumene ankagwira ntchito maola 13 patsiku, akupinda nsalu ndi kusesa, usiku n'kugona m'chipinda chimodzi ndi anzake ophunzira ntchito.

Adapirira zaka ziwiri. Tsiku lina m'chaka cha 1883 adalawirira m'mamawa osatsanzika, nayenda pansi mamailosi 17 kupita ku Uppark kukauza mayi ake kuti za m'sitolo zamukwana. Mayiwo adamva chisoni kwambiri, popeza kwa iwo ntchito ya nsalu idali yaulemu, ndiponso adali atalipira ndalama kuti mwana wawo aiphunzire. Koma mwanayo adakanitsitsa.

Mphunzitsi wolephera mayeso

Amene adamupulumutsa adali mphunzitsi. A Horace Byatt, mkulu wa sukulu ya Midhurst Grammar School, adali ataona kale kuti mnyamatayo ali ndi mutu, ndipo adamutenga kuti aziphunzitsa ana aang'ono masana, madzulo n'kumawerenga za sayansi. Wells adakhoza mayeso a boma mopambana, kotero kuti m'chaka cha 1884 adapatsidwa malo aulere pa Normal School of Science ku London, sukulu yosula aphunzitsi a sayansi. Ankalandira masheleni 21 pasabata, ndalama zimene zinkamusiya ndi njala kawirikawiri. Chaka choyamba adaphunzira za zamoyo kwa katswiri wotchuka Thomas Henry Huxley, ndipo adakhoza bwino kwambiri.

Zaka ziwiri zotsatira zidamuvuta. Maphunziro ake adamutopetsa, ndipo nthawi yake yambiri inkathera pa mitsutso ya ophunzira ndi pa magazini imene iye adathandiza kuiyambitsa. M'chaka cha 1887 adalephera mayeso, natuluka pasukulupo wopanda digiri. Adapeza ntchito ya uphunzitsi ku Holt, m'dziko la Wales, koma kumeneko adavulazidwa impso posewera mpira wamiyendo, nayambanso kukhosomola magazi. Ambiri adaganiza kuti sakhalitsa.

Atachira, m'chaka cha 1889, adayamba kuphunzitsa pa Henley House School ku London. Mmodzi wa ana a m'kalasi mwake adali A. A. Milne, amene pambuyo pake adalemba nthano za ana za Winnie-the-Pooh. Chimenechi ndi chaka chomwe abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adamanga misasa yawo pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, kumene posakhalitsa kudatsegulidwa sukulu. Wells sadagonjere mayeso adamugwetsa aja. Ankaphunzitsa masana ndi kuwerenga usiku, mpaka m'chaka cha 1890 adalandira digiri ya sayansi ya University of London monga wophunzira payekha. Matenda a m'chifuwa atamugwiranso m'chaka cha 1893, adasiya choko nadalira cholembera.

Mlembi woona patali

Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Wells adali wathupi lofooka ndi wa mawu aang'ono, koma nthano ankazidziwa. M'chaka cha 1895 adatulutsa The Time Machine, nthano ya munthu wopanga makina oyendera m'zaka zam'tsogolo. Padatsatira The Invisible Man m'chaka cha 1897, yonena za munthu wosaoneka, ndi The War of the Worlds m'chaka cha 1898. M'nthano yomalizayi zolengedwa zochokera ku dziko la Mars zikugwera Mangalande ndi zida zoposa za Angelezi, ndipo Wells akukumbutsa owerenga ake kuti zimene alendowo akuwachita n'zomwe azungu adachita kwa anthu a pachilumba cha Tasmania. Adafuna kuti mtundu wozolowera kugonjetsa anzake ulaweko kugonjetsedwa, ngakhale papepala pokha.

Nkhondo sinkachoka m'mutu mwake. M'chaka cha 1903 adalemba nthano ya magalimoto achitsulo okwawa pamwamba pa maenje a asilikali, ndipo akasinja enieni adaonekera pabwalo lankhondo m'chaka cha 1916. M'chaka cha 1908, ndege zidakali zachilendo, adalemba za mizinda yophwasulidwa kuchokera mumlengalenga. Kumayambiriro kwa chaka cha 1914 adatulutsa The World Set Free, m'mene adafotokoza za mabomba a atomu zaka 31 bomba lotere lisanagwe.

Mbiri yoona siyibisa zipsera. Wells adakwatira msuweni wake Isabel m'chaka cha 1891, koma adamusiya natenga Amy Catherine Robbins, amene adali wophunzira wake, ndipo adamukwatira m'chaka cha 1895. Ngakhale mkazi wachiwiriyu adamusunga mokhulupirika mpaka imfa yake m'chaka cha 1927, Wells adali ndi zibwenzi zambiri ndi ana akunja. M'buku lake la Anticipations la m'chaka cha 1901 adalembamonso mawu onyoza ndi ankhanza okhudza anthu osauka ndi mitundu ya anthu osakhala azungu. Pambuyo pake maganizo amenewa adawasiya. Atacheza ku America m'chaka cha 1906, kumene adakumana ndi mphunzitsi wachikuda Booker T. Washington, adadzudzula poyera tsankho la khungu. Komabe zimene adalemba poyamba zija zidakalipo, ndipo owerenga ayenera kuzidziwa.

Asilikali a m'chikombole

Kuti nkhani ya masewera a Wells imveke, nkofunika kudziwa za zidolezo. Kale zidole za asilikali zinkachokera makamaka ku Jeremani. Zina zidali zaphanthiphanthi ngati ndalama yachitsulo, zina za mtovu wokhawokha mpaka m'kati, zolemera ndi zodula. M'chaka cha 1893 mmisiri wa ku London, William Britain wamng'ono, adatulukira njira ina. Ankathira mtovu wosungunuka m'chikombole, ndipo mtovu wokhudza chikombolecho ukangoyamba kuuma, ankachipendeketsa msanga kuti wam'kati, umene udakali wamadzi, ubwerere mumphika. Chotsala chinkakhala chidole champhako ngati chikho, chopepuka ndi chotsika mtengo, chotalika mamilimita 54, ndiko kuti mainchesi awiri ndi pang'ono.

Chidole chikatuluka m'chikombole chinkakhala chotuwa, chopanda nkhope. Amene ankachipatsa moyo adali opaka utoto, ambiri a iwo amayi ndi atsikana, amene ankapaka pamanja jekete lofiira, lamba woyera, nsapato zakuda, ndevu ndi timaso, potsata yunifolomu ya gulu lililonse la asilikali a Mfumu. Zidolezo zinkagulitsidwa m'mabokosi ofiira, ndipo posakhalitsa zidadzaza nyumba za ku Mangalande.

Pa nthawiyi Wells adali atalemera ndi mabuku ake, atamanga nyumba ku Sandgate m'mphepete mwa nyanja, ndipo adali ndi ana aamuna awiri, George Philip wobadwa m'chaka cha 1901 ndi Frank wobadwa m'chaka cha 1903. Adali bambo wosachita manyazi kugwada pansi ndi ana ake. Pamodzi ankamanga mizinda, zilumba ndi njanji ndi timatabwa, mapepala olimba ndi tinthambi ta mitengo. Zimenezi adazifotokoza m'kabuku kotchedwa Floor Games m'chaka cha 1911. M'kabukumo adadandaula kuti opanga zidole amangopanga asilikali okhaokha, pamene mzinda umafuna ogulitsa nyama, ophika buledi ndi anthu wamba ena. M'bokosi la anawo mudalinso zidole za Azulu, a ku dziko limene makolo a Angoni adachokera. Motero mwana wa Mngelezi wa nthawi imeneyo ankayamba kumudziwa munthu wa mu Africa ngati chidole chonyamula chishango ndi mkondo.

Nkhondo ya pansi

Masewera a nkhondo adayambika mwangozi. Tsiku lina mlembi mnzake, Jerome K. Jerome, adadzacheza ku Sandgate. Atadya nkhomaliro adaona tiasilikali ta anawo tili chiimire patebulo, pambali pali kamzinga kachidole kokhala ndi sipuling'i, koponya kamtengo kotalika ngati inchesi imodzi. Mlendoyo adakhala pansi, nalunjika bwinobwino, nagwetsa msilikali mmodzi. Wells naye adafuna kuyesa. Kuyambira pamenepo amuna akuluakulu, olemba mabuku ndi ena odziwika, ankatha tsiku lathunthu akukwawa pansi kwa Wells, akutsutsana za malamulo ndi kuwakonza.

Poyamba mapiri ankawapanga pounjika mabuku akuluakulu. Kenaka adayamba kusanja matabwa, kuzika tinthambi ngati nkhalango ndi kujambula mitsinje ndi choko. Nkhondo isanayambe ankatchinga nsalu pakati pa chipinda kuti wina asaone mmene mnzake akuikira asilikali ake. Osewera ankasinthana. Msilikali woyenda pansi ankaloledwa kusuntha futi imodzi, wokwera pakavalo mafiti awiri, ndipo mtundawo unkayesedwa ndi zingwe zodulidwiratu. Mzinga sunkawomba kapena kusuntha pokhapokha pafupi nawo patakhala asilikali anayi. Nthawi inkawerengedwa ndi wotchi, pafupifupi mphindi imodzi pa asilikali 30 alionse ndi mphindi imodzi pa mzinga uliwonse, kotero kuti wosewera ankachita zinthu mothamanga ndi mosokonezeka monga zimakhalira pankhondo. Magulu ofanana kukula akakumana maso ndi maso, onse ankawerengedwa kuti afa. Kagulu kochepa kakapezeka kali kokha, ena mwa asilikali ake ankagwidwa ukaidi.

Masewera oyerekeza nkhondo adalipo kale. Akuluakulu a asilikali a ku Prussia adali ndi awo ochitira pa mapu kuyambira m'chaka cha 1824, koma amenewo adali ophunzitsira ntchito yeniyeni yakupha. Mlembi Robert Louis Stevenson naye ankasewera ndi tiasilikali ta mtovu pamodzi ndi mwana wake womupeza, koma sadasindikize buku la malamulo ake. Wells ndiye adalemba malamulo osavuta, oti munthu wamba angathe kuwatsata, m'buku lotchedwa Little Wars, ndiko kuti nkhondo zing'onozing'ono, limene lidatuluka m'chaka cha 1913, muli zithunzi zojambulidwa ndi mkazi wake. Pamutu pa bukulo adalemba moseka kuti masewerawo ndi a anyamata a zaka 12 mpaka 150, nawonjeza monyinyirika kuti atsikana ena anzeru angathenso kusewera, mawu amene lero akuonetsa kupeputsa akazi kwa nthawi imeneyo.

Mtima wa bukulo uli kumapeto kwake. Wells adaonetsa kuti m'nkhondo yake yaing'ono muli zonse zimene anthu amakhumbira m'nkhondo, monga kuchenjera, kulimba mtima, mantha ndi chimwemwe cha kupambana, koma mulibe mitembo, mulibe nyumba zopsa, mulibe minda yoonongeka. Adapereka maganizo akuti mafumu okonda nkhondo, andale oopseza anthu ndi onse ofuula za kumenyana atsekeredwe m'chinyumba chimodzi chachikulu, apatsidwe zidole ndi timizinga, azimenyana m'menemo mpaka atakhuta, anthu ena onse akulima ndi kugwira ntchito zawo mumtendere. Adanenanso kuti akuluakulu a asilikali amene adadzasewera naye ankasokonezeka ndi malamulo ochepa omwewo. Tsono ngati munthu akulephera kuyendetsa bwino zidole zana limodzi m'chipinda, angayendetse bwanji anthu amoyo mamiliyoni? Chiyembekezo chake chidali chakuti aliyense wosewera katatu kapena kanayi adzazindikira kuti nkhondo yaikulu ndi chipwirikiti chodula chimene palibe mutu wa munthu ungachikwanitse.

Nkhondo ya Chiwaya

Bukulo lidangokhala chaka chimodzi m'masitolo. Mu August 1914 Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idabuka, ndipo siidachedwe kufika ku Nyasaland. M'mwezi womwewo sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen idaombera ndi kulemaza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Mu September kudamenyedwa nkhondo ku Karonga. M'zaka zotsatira amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukasenza katundu wa asilikali monga amtengatenga, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Anthu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza imene idaoneka pa nthawiyo.

Mu November 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, akusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Adati ngati nkhondo ikufunika, apite okha olemera, eni mabanki ndi eni minda. Maganizo amenewa sadatalikirane ndi a Wells aja otsekera okonda nkhondo m'chinyumba chawochawo. Koma Chilembwe ankalankhula ngati mwini maliro, ndipo boma lidaletsa kalatayo kufalikira. Mu January 1915 iye adaukira boma la atsamunda, naphedwa mu February chaka chomwecho.

Wells mwini wake adagwa pa mayeso amene adakonzera ena. Nkhondo itangoyamba adalemba nkhani zambiri zolimbikitsa Angelezi kumenyana ndi Jeremani, nazisonkhanitsa m'buku limene mutu wake unkalonjeza kuti imeneyi ndi nkhondo yodzathetsa nkhondo zonse. Mawuwo adafalikira dziko lonse, ndipo pambuyo pake adasanduka chitonzo. Achinyamata ambiri amene adakulira pa zidole za m'mabokosi ofiira adapita kukafera m'maenje a ku France ndi Belgium. Asilikali oposa 9,000,000 adafa m'nkhondoyo. Pofika chaka cha 1916 mtima wa Wells udali utayamba kusweka. Adalemba nthano yotchedwa Mr Britling Sees It Through, ya bambo wa Chingelezi amene mwana wake waphedwa kunkhondo, ndipo akuyesa kulembera kalata makolo a Chijeremani amene nawonso aferedwa mwana.

Zaka zotsiriza

Nkhondo itatha, Wells adabwerera ku ntchito yake yoyamba, ya uphunzitsi, koma tsopano kalasi yake idali dziko lonse. Adaona kuti ana a mtundu uliwonse amaphunzitsidwa mbiri yotamanda nkhondo za mtundu wawo wokha, ndipo m'chaka cha 1920 adatulutsa The Outline of History, mbiri ya anthu onse monga banja limodzi, imene idagulidwa makope oposa 2,000,000. Ankakhulupirira kuti sukulu ikachedwa kugwira ntchito yake, tsoka lidzafika msanga. Adayenda kukalankhula ndi atsogoleri: Lenin m'chaka cha 1920, Roosevelt ndi Stalin m'chaka cha 1934. Onse adamulandira, koma palibe amene adasintha njira chifukwa cha iye. Ku Jeremani chipani cha Nazi chidatentha mabuku ake m'chaka cha 1933. Popeza ankadwala matenda a shuga, m'chaka cha 1934 adathandizana ndi Dr R. D. Lawrence kukhazikitsa bungwe lothandiza odwala matendawa ku Britain.

Nkhondo Yachiwiri itabuka m'chaka cha 1939, nkhalambayo idakana kuthawa mu London ngakhale mabomba ankagwa kuchokera m'ndege monga idalembera zaka 30 m'mbuyomo. M'chaka cha 1940 idatulutsa The Rights of Man, kabuku kondandalika ufulu woyenera munthu aliyense posayang'ana mtundu kapena khungu, ndipo ntchito imeneyi idali imodzi mwa zimene zidalambula njira ya chikalata cha ufulu wa anthu chimene bungwe la United Nations lidavomereza m'chaka cha 1948. Wells adakhala ndi moyo mpaka kumva za bomba la atomu limene lidagwa pa Hiroshima mu August 1945. Adamwalira ku London pa 13 August 1946 ali ndi zaka 79, ali wokhumudwa ndi mtundu wa anthu. Thupi lake lidatenthedwa ndipo phulusa lidamwazidwa panyanja.

Zidzukulu za tiasilikali

Kabuku ka masewera kaja sikadafe naye. M'chaka cha 1962 Mngelezi wina, Donald Featherstone, adatulutsa buku la War Games limene lidadzutsanso masewerawa. M'chaka cha 1971 Gary Gygax ndi Jeff Perren a ku America adasindikiza malamulo otchedwa Chainmail, nawonjezamo zolengedwa za m'nthano zonga za m'mabuku a J. R. R. Tolkien: amatsenga, zimphona, zinjoka zamapiko zolavula moto, ndi anthu aafupi okumba m'mapiri, ofanana ndi akafula a m'nthano za ku Malawi. Ku Mangalande kampani ya Citadel Miniatures idayamba kuumba zidole zotere m'chaka cha 1979, ndipo m'chaka cha 1983 kampani ya Games Workshop idatulutsa masewera a Warhammer. Kampani ya Britain ija idaleka kupanga asilikali amphako a mtovu m'chaka cha 1966, ndipo popeza mtovu ndi woopsa m'thupi, zidole zambiri za masiku ano ndi zapulasitiki kapena za chitsulo china.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti zidole zatsopanozi, zotalika mamilimita 25 mpaka 28 kapena kuposerapo pang'ono, zimagulitsidwa zosapaka. Ntchito ija ya amayi a m'fakitale tsopano ndi ya mwini chidole. Amayamba ndi kupala ndi kampeni mizere imene chikombole chidasiya, natsuka chidolecho ndi sopo. Kenaka amapaka utoto woyamba, wakuda kapena woyera, kuti winawo ugwire. Ukauma amapaka mitundu ya zovala, khungu ndi zida, nathirapo utoto wodera wamadzimadzi umene umatsikira m'makwinya kuti aoneke akuya, napakanso wowala pamalo otumphuka monga mphuno ndi mapewa. Maso amadontheza ndi nsonga yeniyeni ya burashi, atagwira mpweya. Pomaliza amapaka vanishi, namata mchenga ndi tiudzu patsinde. Chidole chimodzi chingathe kudya madzulo athunthu, ndipo gulu lankhondo limadya miyezi. N'chifukwa chake abwenzi amapangana kuti aliyense amalize chiwerengero chakuti mwezi uliwonse mpaka gulu litakwana, popeza ntchito yotere munthu akakhala yekha amaisiyira panjira. Ena amasakasaka zidole zakale za m'zaka za m'ma 1980, nasukuluza utoto wakale ndi mankhwala, nalumikiza mikondo yothyoka ndi waya, nazipakanso mwatsopano.

Kamzinga ka sipuling'i kaja kadazimirira. Osewera a lero amaponya madayisi, timiyala ta manambala, kuti adziwe amene wagwa, ndipo wogwayo amamunyamula ndi zala ziwiri namuika pambali mosamala. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chodziwikiratu: munthu amene wathera usiku akujambula nkhope ya msilikali salola kuti wina amugende ndi kamtengo.

Kodi Wells adalondola? Masewera ake sadaletse nkhondo ngakhale imodzi, ndipo iye mwini adaiwala phunziro lake tsiku limene lipenga lidalira. Alipo amene amati kusewera nkhondo kumazoloweretsa ana nkhondo, ndipo mbiri ya chaka cha 1914 siyiwatsutsa. Komabe aphunzitsi, ndi achinyamata amene atuluka sukulu manja ali m'khosi, angatolepo kanthu pa moyo wa munthu ameneyu. Adachotsedwa m'sitolo, adalephera mayeso, adadwala mpaka kutayidwa, koma adabwerera ku mabuku nawamaliza. Ndipo mwa zonse zimene adayambitsa, chimodzi chimene chikupitirirabe m'manja mwa anthu wamba ndi ntchito yofuna kudekha, imene munthu amayang'anitsitsa msilikali aliyense payekha asanamuike pamzere. Amene adalamula kuti amtengatenga a ku Nyasaland asenze katundu wa Nkhondo ya Chiwaya ankawerenga mitu chabe, ndipo ambiri mwa amene adagwa m'njira sadalembedwe ngakhale maina.